Mmene anandichepetsera usinini

Kuyambira ndili kusekondale ndinkaseka nditaphimba pakamwa. Ndikangomwetulira, usinini wam'mwamba unkaonekera wonse, mano n'kumaoneka ngati a mwana. Pa chinkhoswe cha mchemwali wanga wojambula anandiuza katatu konse kuti ndichotse dzanja kukamwa. Mwezi wotsatira ndinapita kwa dokotala wa mano.

Tsiku loyamba sanadule chilichonse, ndipo n'chifukwa chake ndinawakhulupirira. Anayamba ndi kufunsa mankhwala amene ndimamwa. Ena, monga amlodipine ndi nifedipine a BP, kapena phenytoin wa khunyu, amakulitsa usinini, moti ukaudula munthu akumwabe umatha kumeranso. Ndinakumbukira amayi anga amene amamwa amlodipine m'mawa uliwonse, koma ine sindimwa aliwonse.

Kenako anatenga kachitsulo kokhala ndi timizere ta mamilimita n'kumakalowetsa pakati pa dzino ndi usinini, dzino lililonse palokha. Mano anga awiri akutsogolo ankaoneka mamilimita 8 basi, pamene a munthu wamkulu amafika 10 kapena 11. "Mano anu ndi athunthu, mayi, angofundidwa," anatero adokotala. Anandijambulanso X-ray kuti aone pamene fupa lathera. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Pakati pa fupa ndi m'mphepete mwa usinini pamafunika mpata wa mamilimita pafupifupi 3. Fupa likayandikira kwambiri, kudula usinini wokha n'kungovutika, umabwerera kapena umangokhala wotupa. Zikatero amapala ndi fupa lomwe n'kusoka. Ine mpata unalipo. Aliyense wofuna kukudulani asanayeze zimenezi, nyamukani pampandopo.

Ananditsuka mano kaye n'kundiuza kuti ndibwerenso pakatha milungu iwiri, usinini uli wosatupa.

Tsiku lodulalo, chimene chinandipweteka ndi jakisoni wochititsa dzanzi yekha. Mlomo utalemera, anandiveka magalasi akuda n'kuyamba ndi laser, makina odula ndi kuwala kotentha. Ululu sindinaumve, koma fungo! Ngati akuwaula nkhuku mkamwa mwanga. Mano asanu ndi limodzi, ola silinakwane, magazi pang'ono chabe. Anandipatsa kalilole ndipo ndinaona mano ataliatali amene sindinawadziwepo, ngakhale m'mphepete munali mobiriwira.

Dzanzi litatha madzulo, kunayamba kuthethetsa. Ndinamwa paracetamol n'kugona. Masiku atatu ndinadya phala lopola, nthochi, mazira ndi mbatata yokanya. Kambuzi, amene sindidya nsima popanda iye, ndinamusiya milungu iwiri. Kuyambira tsiku lachiwiri ndinkachukucha mkamwa ndi madzi ofunda amchere, komanso chlorhexidine, mankhwala opha tizilombo mkamwa, m'mawa ndi madzulo. Adokotala anandichenjeza kuti ndisapitirire nawo mankhwalawa milungu iwiri chifukwa amadetsa mano. Mswachi ndinagula wofewa, pabala ndikungolambalala.

Tsiku lachitatu ndinaona zoyera zitayala pabalapo. Mtima unagunda, ndinkati ndi mafinya. Ndinaimba foni ndikunjenjemera, adokotala n'kundifunsa ngati ndatupa, ndatentha thupi kapena mkamwa mukununkha. Zonse ayi. Anati ndi mmene bala la mkamwa limapolera, ndisalikande. Madzi a m'firiji okha ndiwo anandilasa m'mano pafupifupi mwezi wathunthu.

Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinabwerera kukapimidwa, ndipo usinini unali pomwe anausiya. Potuluka ndinadzijambula n'kutumizira mchemwali wanga. Anaimba nthawi yomweyo kufunsa ngati ndaikitsa mano atsopano.