Ndatsitsa Ubuntu pa tabuleti ndi Termux, koma bandulo ya usiku inandipsera

Laputopu yayaka dzulo madzulo, mtima wakhala pansi tsopano, ngakhale mkwiyo wa Lachiwiri usiku sunandichoke. Inasiya kutsegula mwezi watha, ndalama yopita nayo kwa amisiri m'tauni ndinalibe, ndiye ndinaganiza zongoikamo Ubuntu 24.04, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, poti ndi yaulere. Vuto linali lakuti fayilo yake imapitirira ma GB 5, ndipo chida chomwe ndinatsala nacho m'nyumba muno ku Chibavi ndi tabuleti ya Android basi. Ndinayesa kawiri kutsitsa pa browser, ulendo uliwonse netiweki inkaduka pakati, zonse n'kuyambiranso.

Mlamu wanga wa ku Luwinga ndi amene anandiuza za torrent. Fayilo imabwera m'tizidutswa ting'onoting'ono, kachidutswa kalikonse kamatsimikizidwa kakafika, choncho netiweki ikaduka zomwe zafika sizitayika. Eni ake a Ubuntu amaika okha fayilo ya .torrent pa releases.ubuntu.com, palibe zakuba apa. Ma app a torrent omwe ndinayesa ankalemera pa tabuleti yanga, ena ankangotulutsa zotsatsa malonda, n'chifukwa chake ndinapita ku Termux, app ya Android yomwe mumalembamo malamulo a kompyuta.

Termux itengeni ku F-Droid, malo otsitsako ma app aulere a Android. Ine ndinayamba ndi yomwe mnzanga ananditumizira pa Bluetooth, inali yakalekale, ndikalemba pkg update inkangotulutsa zolakwika mzere ndi mzere. Ndinaichotsa n'kuika yatsopano. Mukatsegula lembani termux-setup-storage, mulole ikapempha chilolezo, kenako pkg update, kenako pkg install aria2, kuti muike aria2, pulogalamu yotsitsira mafayilo ndi ma torrent. Dzina loitanira pulogalamuyo lili ndi c kumapeto, ndi aria2c. Mukatsitsa kafayilo ka .torrent pa browser, lowani mufoda ya zotsitsa ndi cd ~/storage/downloads, mulembe aria2c, danga, ndi dzina la fayilo ya .torrent ija. Ikayamba mumaona manambala akuyenda pansi, kusonyeza zomwe zafika ndi liwiro lake.

Tsono Lachiwiri lija. Ndinagula bandulo ya usiku, ija imatha mbandakucha kaya mwaigwiritsa ntchito kaya ayi. Ndinadikira mpaka nthawi yake, kunja kukuwaza kamvula kathu ka Mzuzu kosatha kaja, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinaiyambitsa, inkathamanga bwino kwambiri, ndinaonerera mpaka inafika pa 11%. Ndinathimitsa sikirini, tabuleti n'kuiika pawindo pomwe netiweki imagwira bwino, ine n'kukagona. M'mawa ndikutsegula ndinapeza mawu akuti [Process completed (signal 9) - press Enter]. Tabuleti inali itaipha pulogalamuyo patangopita mphindi zochepa nditathimitsa sikirini. Bandulo yonse inapsa osagwira ntchito. Ndalama imeneyo ndinaipatula pa ya makala ndi ndiwo za sabata, ndipo mayi a kunyumba anali atandifunsa kale ngati zinali zofunikadi. Tsiku lonse kuntchito mutu sunkagwira, ndinkangoganiza za maola aja netiweki inali yopanda anthu, tabuleti ili duu pawindo.

Chomwe chimachitika n'chakuti Android imafuna kusunga batire, ndiye sikirini ikathima imagonetsa kapena kupha zomwe zikuyenda kumbuyo, ndipo kuyambira pa Android 12 inakhwimitsa kwambiri zimenezi. Abale anga, musanayambitse chilichonse lembani termux-wake-lock, lamulo loletsa tabuleti kugona sikirini ikathima. Mupitenso ku Settings, pa batire ya Termux, muchotse malire onse. Ine nditapsa ndi moto uja sindinakhulupirirenso zimenezi zokha: usiku wachiwiri ndinailumikiza kutchaja, sikirini yoyaka koma kuwala nditachepetsa, Termux ili patsogolo. Magetsi atathima cha m'ma 2 koloko, power bank ya mlamu inagwira ntchito mpaka m'mawa.

Ndaiwala kunena za magnet link, linki yoyambitsira torrent popanda fayilo. Ngati mukugwiritsa ntchito imeneyo m'malo mwa fayilo ya .torrent, ikuteni ndi zizindikiro za " " kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa ili ndi chizindikiro cha & chomwe chimadula lamulo pakati. Ndipo pa tabuleti yopanda kiyibodi, batani lochepetsera voliyumu limagwira ngati Ctrl. Mukafuna kuimitsa, lipanikizeni pamodzi ndi C.

Panali vuto linanso Lachitatu masana. Pambali pa fayilo yaikulu pamakhala kafayilo kothera ndi .aria2, momwe mumalembedwa tizidutswa tomwe tafika. Ine poyeretsa malo m'tabuleti ndinakafufuta, ndimaganiza kuti n'kopanda ntchito. Nditayambitsanso, aria2c inakana, inati fayilo ilipo koma kolembera kake palibe. Ndinaimbira mlamu mtima uli m'mwamba. "Alamu, musafufute china chilichonse," anatero, "onjezani -V pa lamulo lija muone." Zoonadi, inawerenga zomwe zinali m'tabuleti, inazindikira tizidutswa tabwino, n'kupitiriza pomwe inalekera. Ka 11% kaja kanapulumuka, ndipo kwa munthu wogula data ndi ndalama yovutikira si kakang'ono.

Pa nkhani ya data yomweyi, dziwani kuti torrent imatumizanso kwa ena zomwe mwalandira, ndipo zotumizazo zimadya bandulo yomweyo. aria2c ikamaliza siima nthawi yomweyo, imapitiriza kugawira anthu. Ndinaonjezera --seed-time=0 kuti ikangomaliza itseke, komanso --max-upload-limit=20K kuti zotuluka zichepe. Zimandikhudza ndithu, chifukwa nanenso ndinalandira kwa anthu omwe anagawa mwaufulu, ndipo tsiku lomwe ndidzakhale pa Wi-Fi yosawerengera ndidzaisiya igawe. Ndinaikanso --file-allocation=none, poti popanda zimenezo imayamba yasungira malo fayilo yonse ndipo pa tabuleti yofooka mumadikira nthawi yaitali musanaone chilichonse chikuyenda.

Lachinayi m'mawa ndinadzuka 5 koloko isanakwane, ndinapeza yamaliza, palembedwa OK. Pofuna kutsimikiza kuti fayilo yafika yosaonongeka, ndinalemba sha256sum ndi dzina la fayilo, manambala ndi zilembo zinafanana ndi zomwe zili patsamba la Ubuntu. Kuikopera pa fulashi kudzera pa OTG (kachingwe kolumikizira fulashi ku tabuleti) kunakanika, chifukwa fulashi yanga ndi ya kasungidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32 ndipo yotere silandira fayilo imodzi yoposa ma GB 4. Ndinakwera kabaza mpaka ku Luwinga, tinalumikiza tabuleti ku kompyuta ya mlamu ndi chingwe, iye n'kukonza fulashiyo ndi pulogalamu ya Rufus kuti ithe kuika Ubuntu pa laputopu.

Musaiwale termux-wake-lock, muilembe musanalembe aria2c, ndipo muyang'ane pamwamba pa sikirini kuti uthenga wa Termux ukusonyeza kuti wake lock yagwira. Mukamaliza lembani termux-wake-unlock kuti batire isamathe pachabe. Power bank ija ndikabweza Loweruka.