Mphindi zinayi za ku Liverpool Street

Sabata ino pa phunziro la kayendetsedwe ka mtengatenga tinapatsidwa funso lomwe ndinaliona ngati lachibwana: sitima yoyendera malasha ikalowa pa siteshoni pomwe njanji yathera, imatuluka bwanji? Ndinayankha mwachangu kuti imangobwerera chammbuyo. Aphunzitsi anangolemba m'mphepete mwa pepala kuti, "Mutu uli kuti?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti sindinaganize. Mutu wa sitima umalowa patsogolo, n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa njanji, mabogi onse ali kumbuyo kwake. Watsekeredwa. Sungatuluke mabogiwo asanachoke.

Chitsanzo chomwe ndinasankha kuwerenga ndi siteshoni ya Liverpool Street ku London, yomwe inatsegulidwa mu 1874 ndi kampani ya Great Eastern Railway. Pofika 1920 anthu ochokera ku Enfield ndi Chingford, madera a m'mphepete mwa London, ankadzaza sitima m'mawa uliwonse popita kuntchito, koma ndalama zoikira magetsi pa njanjizo panalibe. Mkulu wina woona za kayendedwe ka sitima, F. V. Russell, anakonza ndondomeko yofinya nthunzi mpaka dontho lomaliza. Anthu anaitcha Jazz, chifukwa cha mizere ya utoto yomwe inapakidwa pamwamba pa zitseko: wachikasu kalasi yoyamba, wabuluu yachiwiri, kuti munthu asataye nthawi kufunafuna bogi yake.

Kuwerenga kokha sikunandilowe m'mutu. Usiku ndinatenga mabokosi a machesi atatu kukhala mabogi, zitsekerero za mabotolo ziwiri kukhala mitu, ndi kujambula njanji pa katoni. Mng'ono wanga ankaganiza kuti ndasokonezeka.

Zimayenda chonchi. Kunja kwa pulatifomu kunali kanjanji kakafupi kapambali, pomwe mutu wina unkadikirira, moto uli lawilawi. Sitima ikangoima, anthu akutsika, mutu wodikirawo unkabwera n'kulumikizidwa kumbuyo kwa mabogi, kumene tsopano kwasanduka kutsogolo. Mutu wobwera nayo uja ankaumasula. Sitima ikanyamuka, mutu womasulidwawo unkatsatira pambuyo pang'onopang'ono n'kukalowa pa kanjanji kaja, kudikira sitima yotsatira. Zonsezi pa mphindi zinayi. Nditakankha zitsekerero zanga kachitatu ndinaona chinthu chomwe m'buku ndinachidumpha: pa pulatifomu iliyonse, mutu umodzi umakhala uli chiimire nthawi zonse. Liwiro la ndondomekoyi linkagulidwa ndi injini yosayenda, yomwe ikudyabe malasha, ili ndi woyendetsa ndi wosonkhezera moto ake olipidwa.

Ine ndinazolowera kuganiza kuti chombo choima ndi ndalama yotayika, monga amanenera eni minibasi. Apa zinandizondoka.

Mitu ya sitima za Jazz inali ing'onoing'ono, yonyamula madzi ndi malasha pathupi pake pomwe, moti inkayenda mofanana kutsogolo ndi kumbuyo osafuna kuitembenuza. Poyamba inali ya mtundu wa J69, kenako N7. Mabuleki anali a mpweya a Westinghouse, ogwira ndi kumasuka msanga, zomwe zinkathandiza pa masiteshoni oyandikana. Ndipo ikangotuluka mu Liverpool Street, sitima yodzaza inkakumana ndi chitunda chopita ku Bethnal Green. Ndimamuganizira wosonkhezera motoyo, fosholo m'manja, utsi uli tolotolo, akudziwa kuti akachedwa mphindi imodzi watseka njira ya sitima zonse zapambuyo pake.

Magetsi anafika pa njanji za Enfield ndi Chingford mu 1960, patapita zaka 40 chiyambire Jazz. Sitima yamagetsi ili ndi malo oyendetsera mbali zonse ziwiri, choncho woyendetsa amangotsika n'kuyenda wapansi kupita kumapeto enawo.

Funso lija ndalilembanso, ndipo ndaikamo chithunzi cha katoni yanga ndi zitsekerero zake. Ndikapereka Lolemba.