Monstera wanga wadwala akangaude ofiira

Abale, Monstera wanga wa pabalaza, duwa la masamba akuluakulu lodzala m'nyumba, wandidetsa nkhawa masabata atatu. Masamba anayamba timadontho tachikasu, m'mphepete n'kumauma. Ndinkaganiza kuti ndi ludzu, ndiye ndinkathirira tsiku lililonse, pomwe dothi likangokhala lonyowa mizu imawola.

Dzulo ndinatembenuza tsamba limodzi. Kunsi kwake ndinapeza ulusi wopyapyala, tizilombo tating'onoting'ono tikuyendayenda. Ndi akangaude ofiira, omwe aja amavutitsa matimati kudimba! Amachuluka kukatentha ndi kuuma ngati mu Okutobala muno, pomwe duwali kwawo ndi kunkhalango zachinyezi za ku Mexico.

Ndapukuta tsamba lililonse ndi madzi a sopo pang'ono, ndipo ndibwerezanso sabata yamawa chifukwa mazira amatsalira. Kuthirira ndidikira kaye dothi lapamwamba liume.