Zimene Firefox OS yandiphunzitsa pa migwirizano ya makampani

M'maphunziro athu a makompyuta chigawo chino takhala tikuunika mapulogalamu oyendetsa mafoni, ndipo ine ndinasankha kuzama pa Firefox OS, imene bungwe la Mozilla linapanga pofuna kuti pamsika pakhale njira yachitatu pambali pa Android ya Google ndi iOS ya Apple. Chimene chinandikoka ndi funso limodzi lomwe silinandichoke m'mutu: zinatheka bwanji kuti ntchito imene makampani akuluakulu ambiri anaikapo dzanja isiye kugulitsa mafoni pasanathe zaka zitatu chitulukire foni yake yoyamba?

Ntchitoyi inalengezedwa mu 2011 ndi dzina loti Boot to Gecko, ndipo mmodzi mwa oitsogolera anali Andreas Gal. Ganizo lake linali lakuti chilichonse chooneka pagalasi la foni chilembedwe ndi zida zomwe amalembera masamba a pa intaneti, zomwe ndi HTML, CSS ndi JavaScript. Pansi penipeni panali chigawo chotchedwa Gonk, chomwe chinali ndi Linux komanso mapulogalamu olankhula ndi zitsulo za foni. Pakati panali Gecko, injini yomwe imayendetsa browser ya Firefox, ndipo pamwamba panali Gaia, chigawo chimene munthu amaona ndi kukhudza. Ngakhale mabatani oimbira foni aja, oyambira 0 mpaka 9, anali tsamba la HTML. Zonsezi zinali open source, kutanthauza kuti aliyense anali ndi ufulu wowerenga momwe pulogalamuyo inalembedwera, kuisintha ndi kuigawa. Cholinga chinali choti munthu wodziwa kupanga webusaiti athe kupanga app popanda kukagwada kwa mwini sitolo ya mapulogalamu, ndipo cholinga chimenechi ndimachilemekeza mpaka lero.

Koma pulogalamu yolembedwa bwino siifika yokha m'manja mwa wogula. Kamera, batire ndi kachipangizo kogwira netiweki zimafuna madiraiva, omwe ndi timapulogalamu tothandiza kuti zitsulozo zigwire ntchito, ndipo madiraivawo amachokera kwa amene anapanga purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa foni. Pamafunika fakitale yoti iumbe foniyo, kenaka kampani ya netiweki yoti iiyese, iivomereze ndi kuiika m'masitolo ake. N'chifukwa chake Mozilla inayamba ndi mapurosesa a Qualcomm, ndipo Gonk inabwereka zigawo zina za Android kuti mafakitale agwiritse ntchito madiraiva amene anali nawo kale. Mfundo imeneyi inandiimitsa kwa kanthawi, chifukwa ikusonyeza kuti pulogalamu imene inabwera kudzapikisana ndi Android inali itaima, mbali ina, pamaziko a Android yomweyo.

Mu February 2012, pachionetsero cha Mobile World Congress ku Barcelona, kampani ya ku Spain ya Telefónica inalengeza kuti igwira ntchito ndi Mozilla. Patatha chaka, pachionetsero chomwecho, makampani a netiweki oposa 15 anali atalonjeza kugulitsa mafoniwa, ena mwa iwo Deutsche Telekom, América Móvil, Telenor, Etisalat ndi KDDI, ndipo ZTE, LG, Huawei ndi Alcatel One Touch anatchulidwa kuti ndiwo adzapange. Mu July 2013 foni ya ZTE Open inayamba kugulitsidwa ku Spain pamtengo wa mayuro 69, momwe munali kale mayunitsi a mayuro 30, ndipo Alcatel One Touch Fire inatsatira ku Poland, kenaka mafoniwa anafika ku Colombia, Venezuela ndi Brazil.

Mndandanda wa mayinawo ndi wogometsa, koma nditafunsa chimene aliyense ankafuna ndinaona kuti mitima yawo sinali pamodzi. Makampani a netiweki anali atatopa kuona Google ndi Apple akutenga phindu la mapulogalamu pamene iwo angotsala onyamula deta, choncho ankafuna chida choti akhale ndi mawu pokambirana ndi zimphona ziwirizo. Mafakitale nawo sanasiye kupanga mafoni a Android, omwe ndiwo ankawabweretsera ndalama, ndipo Firefox OS kwa iwo inali malonda apambali oyesera msika. Mozilla yokha ndiyo inkamenyera ufulu wa pa intaneti. Kuona kwanga n'kwakuti panalibe ndi mmodzi yemwe mwa abwenziwa amene bizinesi yake ikanagwa Firefox OS italephera, ndipo mgwirizano wotero umatha mosavuta malonda akangozirala.

Chinthu chachiwiri chinali mtengo. Mu 2014 Mozilla inagwirizana ndi kampani ya ku China yopanga mapurosesa ya Spreadtrum kuti apange foni ya madola 25. Ku India kunatuluka Intex Cloud FX, yogulitsidwa marupi 1,999, yomwe inali ndi RAM (memory imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 128 MB yokha. Apa panali kutsutsana kwa luso kumene ndikukumvetsa bwino tsopano titaphunzira momwe kompyuta imagawira memory: app yolembedwa ngati tsamba la pa intaneti imadalira injini ya browser kuti iimasulire nthawi imene ikugwira ntchito, ndipo zimenezi zimadya memory yambiri. Ndiye kuti pulogalamu yofuna malo inaikidwa m'foni yopanikizika kwambiri, ndipo munthu amene anasunga ndalama kuti agule foni yake yoyamba ya intaneti ankadina pagalasi n'kumadikira. Pa nthawi yomweyo mafoni a Android ankatsika mtengo, ndipo mu September 2014 Google inakhazikitsa Android One ku India komweko. Kuno ku Africa kampani ya Orange inabweretsa foni ya Klif mu 2015 m'maiko 13 a Africa ndi Middle East, pamtengo wa mayuro pafupifupi 35 pamodzi ndi bandulo ya deta, mauthenga ndi mphindi zoimbira, koma nthawi inali itapita kale.

Chimene ndakhalapo nthawi yaitali ndi bwenzi limene silinabwere. WhatsApp sinapange app yake ya Firefox OS. Anthu ena analemba mapulogalamu olowera m'malo, monga Loqui IM ndi ConnectA2, koma popeza eni WhatsApp sanawavomereze, sanali odalirika. Aliyense amene anaimapo pakauntala yogulitsa mafoni ku Limbe kapena ku Lilongwe akudziwa kuti funso loyamba la kasitomala wa foni yotchipa ndi lakuti, "Kodi imalowa WhatsApp?" Ngakhale TNM ndi Airtel amagulitsa mabandulo a WhatsApp paokha, chifukwa gulu la mpingo, la maliro, la banki m'khonde ndi la abale okhala ku Joni onse ali kumeneko. Ku Brazil ndi ku India zinthu zinali chimodzimodzi. Wogulitsa akayankha kuti ayi, kasitomala safunsanso za HTML kapena za ufulu wosintha pulogalamu, amangoloza foni ina. Mozilla inasonkhanitsa amene amapanga foni ndi amene amaigulitsa, koma inasowa amene anali ndi chifukwa chimene munthu amagulira foniyo. Mu December 2015 bungweli linalengeza kuti lasiya kugulitsa mafoni kudzera m'makampani a netiweki, ndipo mu 2016 linatseka ntchito yonse, ngakhale kuti Panasonic inapitiriza kugwiritsa ntchito zina za pulogalamuyi m'ma TV ake.

Popeza pulogalamuyo inali open source, sinakwiriridwe pamodzi ndi ganizo la Mozilla. Kampani ya KaiOS Technologies inatola zotsalazo n'kupanga KaiOS, yomwe inatuluka mu 2017, ndipo inasankha bwalo lina: mafoni a mabatani okhala ndi 4G, kumene Android inalibe mphamvu. Bwenzi lake lalikulu linali Reliance Jio ya ku India, yomwe netiweki yake inali ya 4G yokha, motero inkafunitsitsa foni yotchipa yoti ikokere anthu ochoka pa 2G. Foni yake ya KaiOS yotchedwa JioPhone inkaperekedwa munthu akasiya chikole cha marupi 1,500 chobwezedwa pakatha zaka zitatu. Uyu anali bwenzi limene tsogolo lake linamangiriridwa pa foniyo, chinthu chimene Firefox OS sinakhale nacho. Mu 2018 kampani ya HMD Global inatulutsa foni ya Nokia 8110 4G yoyendera KaiOS, Google inaika madola 22 miliyoni mu KaiOS ndi kubweretsa Maps, YouTube ndi Assistant, ndipo WhatsApp inafika pa JioPhone chaka chomwecho. Pofika 2019 kampaniyo inalengeza kuti mafoni a KaiOS apitirira 100 miliyoni, ndipo MTN ndi Orange anali akugulitsa awo mu Africa.

Kupambana kumeneku sindikulandira ndi manja awiri. KaiOS si yotseguka monga inalili Firefox OS, pakuti zigawo zapansi zochokera kwa Mozilla zilipo poyera koma zambiri zapamwamba ndi za kampani, ndipo sitolo yake ya KaiStore ili ndi mwini amene amasankha cholowa. Komanso Google, imene Mozilla inkafuna kuichepetsa mphamvu pamafoni, inasanduka mmodzi wa oika ndalama mwa mdzukulu wa ntchitoyo. Sindikukana kuti mamiliyoni a anthu analowa pa intaneti koyamba kudzera m'mafoni amenewa, ndipo chimenecho n'chachikulu, koma ufulu umene unayambitsa zonsezi unachepa panjira pamene abwenzi amphamvu ankalowa.

Mbali imene ndikufuna kulembapo mu ripoti langa ndi yosamalira pulogalamu ikatuluka, chifukwa migwirizano yolengezedwa pachionetsero kawirikawiri imanena za kukhazikitsa, osati za amene adzatseke mabowo a chitetezo pakapita zaka. KaiOS inakhala nthawi yaitali pa Gecko 48, mtundu wa injini ija wa mu 2016, pamene Firefox ya pakompyuta inkasinthidwa pafupipafupi, mpaka mu March 2020 pamene Mozilla ndi KaiOS Technologies anagwirizana zoti injiniyo ikonzedwenso, ndipo zotsatira zake zinaoneka mu KaiOS 3.0 mu 2021.