Kapu ya madzi kumbuyo kwa zigubu

Kunyumba kwathu, mlongo wanga akayamba kutumiza mavidiyo pa intaneti, foni yanga ya pa WhatsApp imayamba kudukaduka. Ndikati "Mwaswera bwanji amayi?" yankho limafika mochedwa ngati tikufuulirana tsidya la mtsinje. Ndinkangoti netiweki ndi yochepa, tigule yothamanga. Phunziro la za netiweki la sabata ino landionetsa kuti vuto lenileni ndi mzere wa mapaketi, tizidutswa ta uthenga timene timayenda pa intaneti.

Ndinawerengetsera ndekha papepala. Paketi ya mabayiti 1500 imatenga mamilisekondi 12 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000) kuti idutse pa chingwe cha 1 Mbit/s. Modemu, chipangizo cholumikiza nyumba ku intaneti, ikaunjika mapaketi 64 a vidiyo, kamawu kanga kamadikira mamilisekondi 768 kumbuyo kwawo. Jim Gettys anatcha vutoli bufferbloat mu 2010: zipangizo zimasunga mapaketi ambirimbiri poopa kuwataya, mpaka zonse zimachedwa.

Chimene chinanditsegula mutu ndi mjigo wa kwa agogo. Amayi amabwera ndi zigubu, mzere n'kutalika. Koma mwana wochokera kusukulu akafika ndi kakapu, palibe amene amamuuza kuti akaime kumbuyo. Amamuchotsera ndowa pang'ono, iye n'kumwa, n'kumapita. Wa zigubu sataya kanthu. Umu ndi mmene fq_codel, njira yoyendetsera mizere ya mapaketi, imagwirira ntchito. Imagawa mapaketi m'mizere 1024, ndipo wongotumiza pang'ono mwa apo ndi apo, monga mawu a pafoni, amadutsa kaye. Mkati mwake muli CoDel, imene Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anafalitsa mu 2012. Iyo siwerenga kutalika kwa mzere ayi, imayeza nthawi imene paketi yakhala ikudikira. Kudikirako kukapitirira mamilisekondi 5 kwa mamilisekondi 100 osatsika, imayamba kutaya mapaketi ena kuti wotumiza achepetse liwiro. Kutaya dala kumeneku poyamba kunandinyansa, pano ndikuona kuti ndi njira imene TCP, ndondomeko yoyendetsa liwiro la wotumiza, imamvera msanga.

Mbali imene inandivuta kwambiri ndi yakuti uyenera kudzimana. Ngati mzere uli mu modemu imene sungailamule, nzeru zonsezi sizikuthandiza. Choncho pa rauta yanga, chipangizo chogawa intaneti m'nyumba, imene ili ndi pulogalamu ya OpenWrt, ndinayatsa SQM, gawo loyang'anira mizere, n'kusankha CAKE, njira yonga fq_codel imene inalowa mu Linux 4.19, kenako ndinaika liwiro pa 90 peresenti ya limene chingwe chimapereka. Dzanja linkakana, poti ndalama za intaneti zimapweteka. Koma ukatero mzere umasamukira mu rauta yako, momwe uli ndi mphamvu yosankha wodutsa.

Ndinatsegula ping, kapulogalamu koyeza nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwera, n'kupempha mlongo wanga kuti atumize vidiyo yaikulu. Manambala amene kale ankakwera ngati mitengo ya chimanga mu Januwale anangogwedezeka pang'ono. Madzulo ndinaimbira amayi, ndipo tinakambirana za feteleza mpaka kumaliza osabwereza mawu.

Chatsala ndi intaneti ya 4G, imene liwiro lake limasintha ola ndi ola. Nambala imene waika m'mawa imakhala yaikulu kwambiri madzulo anthu akachuluka, mzere n'kubwerera ku modemu. Sabata yamawa ndiyamba pamenepo.