Mbiri ya ngongole pakhomo lolowera ntchito

Kwa zaka zambiri, munthu wofunsira ntchito kuno ku Mzuzu ankadziwa zoyenera kunyamula: masatifiketi a sukulu, mayina a anthu omuikira umboni, chiphaso cha unzika, ndipo pa ntchito zina kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti sanapezekepo ndi mlandu. Masiku ano olemba ntchito ena akuwonjezera chinthu china mwakachetechete, chomwe ndi kufufuza mbiri ya ngongole ya wofunsirayo, kuti aone ngati anakongolapo ndalama ndiponso ngati anabweza m'nthawi yake. Ine ndikuona kuti kufufuza kotereku kuli ndi malo pa ntchito zochepa chabe, ndipo pa ntchito zina zonse kumangolanga munthu amene anakongola poyera n'kusiya amene anakongola mobisa.

Mbiri imeneyi imasungidwa ndi makampani amene amalandira chilolezo ku Reserve Bank of Malawi motsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, ndipo odziwika kwambiri ndi Credit Data CRB ndi TransUnion. Mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama amatumizako mayina a okongola, kuchuluka kwa ngongole ndi kabwezedwe kake, cholinga chake n'chakuti munthu asakongole kubanki iyi, n'kuthawa, n'kukakongolanso kubanki ina. Lipoti lake linakonzedwa kuti liyankhe funso la wobwereketsa, lakuti kodi munthuyu adzabweza. Funso la wolemba ntchito ndi lina, lakuti kodi munthuyu adzagwira ntchito mwaluso ndi mokhulupirika, ndipo lipoti la ngongole silinapangidwe kuti liyankhe zimenezo.

Mwana wa mchemwali wanga, amene anamaliza maphunziro ake ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), anaitanidwa ku intavyu ya ntchito ya ukalaliki pakampani ina mumzinda muno. Ntchito yake inali yolemba makalata ndi kusunga mafayilo, yosakhudza ndalama ngakhale pang'ono. Pansi penipeni pa fomu imene anam'patsa panali mzere wa zilembo zing'onozing'ono wopempha chilolezo chofufuza mbiri yake ya ngongole. Anatuluka panja n'kundiimbira foni. "Amalume, ndisaine kodi? Paja ndili ndi ngongole ya sukulu ija, komanso ndinasainira mnzanga ngongole imene iye anasiya kubweza." Ndinamuuza kuti asaine, chifukwa pa benchi lodikirira panali anthu ambiri ofuna malo amodzi omwewo, ndipo wokana kusaina akanakhala atadzichotsa yekha pamzere. Chilolezo choperekedwa mwanjira imeneyi n'chilolezo papepala pokha. Kalata yomukana itabwera sinatchule chifukwa chilichonse.

Ngongole ya sukulu imene mtsikanayu ankanena ikuonetsa bwino pamene pali vuto. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, la HESLGB, linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo lamulo lake limafuna kuti olemba ntchito azidula ngongoleyo pamalipiro a wogwira ntchito n'kutumiza kubungweko. Izi zikutanthauza kuti boma lenilenilo limavomereza kuti ngongole yotereyi imabwezedwa munthu akapeza ntchito. Tsono wolemba ntchito akakana wophunzira chifukwa chakuti sanayambe kubweza, ali ngati munthu wolanda mnzake khasu kenako n'kumufunsa chifukwa chake sanalime.

Tiyeneranso kukumbukira zimene zachitikira ndalama ya kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mayi wa pamsika wa Taifa amene anakongola mpamba kuti azikaoda nsalu ndi nsapato ku Tanzania kudzera pachipata cha Songwe anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti ndalama yomweyo ikugula katundu wochepa, pomwe ngongole ndi chiwongoladzanja zili pomwepo. Bizinesi ikagwa, mayiyu amayamba kufunafuna ntchito yolembedwa kuti abweze. Lipoti limangolemba kuti anachedwa kubweza miyezi yakutiyakuti. Silinena za kugwa kwa kwacha, matenda a mwana, maliro a kumudzi ku Mzimba kapena bwana wakale amene ankachedwetsa malipiro.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti lipotili limaona ngongole za m'mabuku zokha. Olemba ntchito amanena kuti munthu wopanikizika ndi ngongole angathe kuyesedwa kuba, ndipo mfundo imeneyi siyachabe. Koma aliyense wokhala ku Chibavi, ku Mchengautuba kapena ku Zolozolo amadziwa kuti ngongole imene imasowetsa munthu tulo ndi ya katapila. Wa katapila amasunga khadi ya ATM ya wokongola pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, amafika pamakina tsiku la malipiro mwiniwake asanafike, ndipo chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ndalama yokongoledwayo pamwezi umodzi. Ngongole imeneyi sipezeka mu lipoti lililonse, monganso ngongole za banki m'khonde ndi za pagolosale. Motero munthu womangidwa ndi akatapila atatu amaoneka woyera, pamene mnzake amene anapita kubanki ndi chiphaso chake, n'kusaina mapepala, n'kuchedwa kubweza miyezi iwiri, ndiye amaoneka wokayikitsa. Ngati cholinga n'kupeza wogwira ntchito amene ali pachiopsezo chakuba, njira imeneyi ikuyang'ana kolakwika.

Palinso zolakwika za m'malipoti momwemo. Ku America, kumene ntchito yosunga mbiri ya ngongole inakhazikika kalekale, bungwe la boma la Federal Trade Commission linatulutsa zotsatira za kafukufuku mu 2013 zosonyeza kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi cholakwika mu lipoti lake limodzi kapena angapo. Kuno kumpoto, kumene a Gondwe, a Mhango ndi a Nyirenda ndi ochuluka kwambiri ndipo ena amafanana ndi dzina loyamba lomwe, chiphaso cha unzika chimene chinayamba kuperekedwa kwa anthu onse mu 2017 chathandiza kusiyanitsa anthu, koma ngongole imene munthu anamaliza kubweza ingathe kumaonekabe ngati wobwereketsa sanatumize uthenga watsopano.

Maiko ena anaiona nkhaniyi n'kuiikira malire. Ku America, lamulo la Fair Credit Reporting Act la 1970 limafuna kuti wolemba ntchito atenge chilolezo cholembedwa, ndipo ngati akufuna kukana munthu chifukwa cha lipoti, ayenera kuyamba wam'patsa kope la lipotilo kuti aone ngati muli zolakwika. Mzinda wa New York unapitirira apo mu 2015 poletsa kufufuza kotere pa ntchito zambiri. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakagwira ntchito, malamulo a ngongole amalola kufufuzaku pokhapokha wofunsira atavomera ndiponso ntchitoyo ikhale yokhudza kusunga kapena kuyendetsa ndalama. Malire a ku South Africa amenewa ndikuona kuti angatikwanire ifenso. Wolandira ndalama pakauntala ya banki, wowerengera chuma cha kampani kapena msungichuma wa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la SACCO angathe kufufuzidwa, ndipo palibe angadabwe. Koma dalaivala, mlonda, mphunzitsi kapena kalaliki wa mafayilo alibe chifukwa choululira ngongole zake kwa munthu amene sanamulembe n'komwe ntchito.

Kwathu kuno maziko a malamulo alipo kale. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, gawo 5 la Employment Act ya 2000 limaletsa tsankho polemba ntchito, kuphatikizapo tsankho lotengera chuma cha munthu, ndipo Data Protection Act ya 2024, imene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woiyang'anira, imafuna kuti uthenga wokhudza munthu utoleredwe pa chifukwa chomveka ndi chodziwika kwa mwiniwake. Wolemba ntchito amene akufuna kutsatira malamulowa angathe kunena pachilengezo cha ntchito pomwepo kuti mbiri ya ngongole idzafufuzidwa, kuchita zimenezi kwa munthu yekhayo amene wasankhidwa kale, ndi kum'patsa mpata woti afotokoze zimene zapezeka asanagamule.

Kwa amene akufunafuna ntchito, makamaka ya zandalama, n'kwanzeru kupempha lipoti lanu kumakampani osunga mbiriwa musanaitanidwe ku intavyu, popeza muli ndi ufulu woliona ndi wotsutsa zolakwika. Ngati ngongole inatha, pitani kwa amene anakubwereketsani mukatenge kalata yotsimikiza zimenezo. Ngati ilipobe, kapanganeni nawo za kabwezedwe ndipo panganolo lilembedwe, kuti pofunsidwa mukhale ndi pepala loonetsa. Ndipo mnzanu akakupemphani kuti mumusainire ngongole, dziwani kuti iye akasiya kubweza, wobwereketsa adzabwera kwa inu, ndipo dzina lanu nalonso lingalowe mu lipoti.