Lachitatu ku Senga Bay, mwera ndi foni ya amalume

Mwera wawomba usiku wonse, mabwato ambiri agona pamtunda. Cha m'ma 7 amalume anandipeza pakhonde atagwira foni ndi zala ziwiri ngati nsomba yovunda. "Mphwanga, kanthu kako kaja kakungodzitseka. Beseni loyamba kakupima bwinobwino, lachiwiri zii."

Kanthuko ndi pulogalamu yomwe ndinawapangira yolembera usipa ndi utaka umene amagula kwa asodzi. Zooneka pasikirini ndinalemba mu Kotlin, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, koma gawo lowerenga sikelo ndi la chiyankhulo china, C++. Awiriwa amapatsirana katundu pa JNI, mlatho womwe Java, mkulu wake wa Kotlin, ili nawo kuyambira 1997.

Nditalumikiza foni ku laputopu, logcat, yomwe imaonetsa zochitika m'kati mwa foni ya Android, inandiuza mosapsatira kuti ndikugwiritsa ntchito local reference yakufa kale. Manyazi anandigwira, chifukwa cholakwacho ndi changa.

Nkhani yake ili apa. Kotlin ikapereka chinthu chake (object) kwa C++, sipereka chinthucho m'manja ayi. Imapereka kachiphaso kolozera komwe chili, komwe ndi local reference ija. Chinthucho chimatsala kwawo, komwe garbage collector amasesa, kusuntha zinthu ndi kutaya zomwe palibe akuzifuna. Kachiphasoko ndi kobwereka: function, kagawo ka C++ komwe Kotlin yakatuma ntchito, ikangomaliza n'kubwerera, kachiphasoko katha ntchito. Ine ndinakasunga mu variable (malo osungira) ya C++ ngati kanga, kuti sikelo ikawerenganso ndidzaitanire Kotlin. Ulendo woyamba zinkatheka poti function inali isanabwerere. Wachiwiri ndinkagogoda pakhomo la munthu amene anasamuka.

Akuluakulu a ntchitoyi amakumbuka kuti Android 4.0 isanabwere mu 2011, chinyengo chotere chinkadutsa, chifukwa kachiphasoko kanali adiresi yeniyeni ya chinthucho. Kunena zoona ndimakonda za lerozi. Bola pulogalamu igwe pamaso panga kusiyana n'kuti ilembe makilo abodza amalume n'kulipira ndalama zambiri.

Mankhwala ake ndi mizere iwiri: NewGlobalRef posunga, yomwe imapereka kachiphaso kokhalitsa, ndi DeleteGlobalRef yokatayira potsiriza. Woyambawo suvuta kukumbukira. Wachiwiriwo ukauiwala, wosesa uja sangakhudze chinthucho mpaka kalekale, memory n'kumangodzaza.

Masana magetsi anathima, ndinakwera kabaza kupita kwa mnzanga wa sola. Tinadya nsima ya kampango, n'kuyesanso. Beseni lachiwiri linadutsa, lachitatu linadutsa. Ndiye ndinati nditumize kaundula yense wa miyezi itatu, mizere yoposa 600. Phi! Yagwanso.

Ulendo uno vuto linali kuchuluka. Mzere uliwonse C++ inkapanga string (mawu olembedwa) yatsopano, iliyonse ndi kachiphaso kake, ndipo function sinkabwerera mpaka itamaliza yonse. Foni ya amalume ndi ya Android 7, tebulo la tiziphasoti limadzaza pa 512. Yanga ndi yatsopano, malire amenewo anachotsedwa kuyambira Android 8.0, n'chifukwa chake sindinalionepo vutoli. Ndinaika DeleteLocalRef m'kati mwa loop yoyenda mzere ndi mzere, kuti kachiphaso kalikonse kazitayidwa kakatha ntchito, kaundula anapita yense.

Dzuwa litapendeka ndinakabweza foni kudoko. Amalume anali pathandala akutembenuza usipa wadzana.

"Yachira, amalume."

"Chinavuta n'chiyani?"

"Ndinakakamira chinthu chobwereka."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Ngati tochi yanga ija?"

Tochiyo ndikabweza mawa m'mawa, popita kukayesa sikelo ngati mwera uleke.